Xeon ya ma core 14 kapena Ryzen ya ma core 6? Maganizo anga

Abale anga okonda makompyuta, ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ma Xeon, mapurosesa (ubongo wa kompyuta) a kampani ya Intel, omwe adzaza m'magulu athu ogulitsirana katundu pa Facebook ndi WhatsApp. Malonda ake mukuwadziwa: kompyuta ya magemu, Intel Xeon, ma core 14, ma thread 28, RAM ya 32GB, mtengo wotsika moti umachita kuwerenganso maziro. Ma core ndi tizigawo ta purosesa togwira ntchito patokhapatokha, ma thread ndi mizere ya ntchito imene timayendetsa nthawi imodzi. Pambali pake wina akugulitsa Ryzen 5, purosesa ya kampani ya AMD, ya ma core 6 pa mtengo wokwererapo. Mnyamata amene wakhala akusunga ndalama chaka chonse akaona 14 ndi 6, masamu a ku pulayimale amamuuza kuti atenge 14. Ine ndikuti ngati mukufuna ya magemu, kapena ya ntchito zimene ambirife timadyerapo, tengani ya 6 ija.

Chimene akugulitsacho kawirikawiri imakhala Xeon E5-2680 v4. Intel inaitulutsa mu 2016, ndipo nthawi imeneyo purosesa yokhayo inkagulidwa ndalama zoposa $1,700. Inapangidwira maseva a m'mabanki, makampani a mafoni ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo data. Eni ake atagula makina atsopano, mapurosesa akalewa anazulidwa ambirimbiri n'kukhuthulidwa pa misika ngati AliExpress, n'chifukwa chake atchipa chonchi. Si yachinyengo ayi, ndi katundu weniweni amene anali wa mabwana pa nthawi yake. Koma liwiro lake ndi 2.4 GHz, ikadzikoka kwambiri imafika 3.3 GHz, ndipo ma core onse akamagwira ntchito pamodzi sifika n'komwe pa 3 GHz. Ryzen 5 5600, yomwe AMD inatulutsa mu 2022 pa $199, imayambira pa 3.5 GHz n'kufika 4.4 GHz. Ndipo ngakhale mutaziika pa liwiro lofanana, core ya Ryzen imeneyi (kapangidwe ka Zen 3) imamaliza ntchito yambiri kuposa core ya Xeon ija (kapangidwe ka Broadwell), chifukwa pakati pa ziwirizi padutsa zaka zingapo akatswiri akukonzabe kapangidwe. Core i5-12400 ya Intel yemweyo, nayonso ya 2022, ili m'gulu lomweli: ma core 6, kufika 4.4 GHz.

Ndiye gemu imafuna chiyani? Kuti muone mafulemu 60 pa sekondi, kompyuta imakhala ndi mamilisekondi 16.7 okha okonzera chithunzi chilichonse. Mukafuna 144, nthawiyo sikwana n'komwe mamilisekondi 7. M'kanthawi kameneko purosesa iwerengere kumene mpira wapita, batani lomwe mwadina, pamene mdani wabisala, kenako iuze graphics card zoti ijambule. Zambiri mwa zimenezi zimadikirana, china sichiyamba chinzake chisanathe. Zili ngati kusinja: mtondo ukakhala umodzi, minsi iwiri yakwana, mwina itatu kwa odziwa kupokezana. Mukaitana amayi 14, enawo angokhala pamkeka. Chimene chingafulumizitse mphale pamenepo ndi mphamvu ya mkono wa amene wagwira munsi.

N'zoona kuti magemu atsopano amagawa ntchito bwino kuposa akale, koma opanga ake amaganizira PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zomwe zili ndi ma core 8. Taonani zimene AMD yeniyeniyo imachita. Ili ndi EPYC 9654 ya maseva, ma core 96. Koma purosesa imene inatchuka nayo kwa osewera magemu mu 2023, Ryzen 7 7800X3D, ili ndi ma core 8 okha. Chinaipambanitsa ndi cache ya 96MB, malo osungirako zinthu pafupi penipeni ndi ma core kuti asamapite kutali ku RAM. Chosangalatsa n'choti luso losanjikiza cache limeneli linatulukiranso mu ma EPYC a maseva mu 2022, chaka chomwe Ryzen 7 5800X3D, yoyamba ya magemu kukhala nalo, inabwera. Choncho kuchokera ku dziko la maseva, magemu anatengako cache, unyinji wa ma core anausiya komweko.

Ndisanamizire Xeon kuti siseweretsa magemu. Imaseweretsa. Ikani graphics card ya RX 580 kapena GTX 1660 pambali pake, GTA V iyenda, mpira uyenda, pa sikirini ya 60Hz mwina simudandaula. Ndipo anzathu amene amaiikira kumbuyo ali ndi mfundo imodzi yolemera yomwe sindingaitaye: ndalama imene wapulumutsa pa purosesa, bodi (motherboard) ndi RAM ukhoza kuiwonjezera pa graphics card, yomwe m'magemu ambiri ndiyo imanyamula katundu wolemera. Mmene Kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zonse zoitanitsa kunja zinakwera, ndiye munthu wowerengera ndalama sindingamuseke. Vuto limaoneka gemu ikafika pothithikana: mzinda wodzaza anthu, mabomba kuphulika, osewera ambiri malo amodzi. Nambala ya mafulemu ya pakona pa sikirini ikhoza kumanena 70, koma chithunzi chimachita kakasi pang'ono, kenako n'kulumpha. M'gemu yowomberana kakasi ameneyo ndi imfa. Ndipo tsiku lomwe mudzagule graphics card yamphamvu kapena sikirini ya 144Hz, mudzapeza kuti khadiyo ikungodikira purosesa, ndalama yanu theka ili chigonere.

Palinso chinthu chomwe ogulitsa satchula. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo ma Xeon E5 a v3 ndi v4 sali pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka a Windows 11. Inde, anyamata a m'tauni amadziwa kuilowetsa mozemba, koma gemu ya Valorant pa Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi Secure Boot, zida za chitetezo za pa bodi, Battlefield 6 nayo imafuna Secure Boot. Mabodi otchipa aja ena alibe TPM. Ukhoza kukhala ndi ma thread 28 gemu n'kukana kutseguka.

Tsopano za ntchito, komwe ambiri amati Xeon ndiye mfumu. Apa ndimafunsa kaye kuti ntchito yake iti. Wa pashopu yosindikiza makadi a ukwati ndi mabana pa CorelDRAW ndi Photoshop, wojambula mapulani a nyumba pa AutoCAD, wowerengera ndalama pa Excel ndi QuickBooks, onsewa zambiri zimene amadina zimayenda pa core imodzi kapena ochepa. Chimene amamva m'manja ndi kufulumira kwa core imodziyo. Opanga nyimbo pa FL Studio n'chimodzimodzi: mawu akamadutsa mu plugin iyi kupita mu inayo mpaka pa master, ndondomeko imeneyo singagawidwe mwachisawawa, ndiye core ikakhala yofooka mumayamba kumva kuthetheka m'masipika ma core ena ali phee.

Ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ndi amene amakopeka kwambiri, chifukwa kurenda, kutulutsa vidiyo yomalizidwa, kumawadyera usiku. Koma tsiku la editala limathera pa timeline, kudula, kubwerera m'mbuyo, kuonanso, osati pa kurenda. Makamera ndi mafoni athu amajambula mu H.264 ndi HEVC, ndipo ma Core i5 okhala ndi graphics ya mkati ali ndi Quick Sync, kagawo kapadera kotsegula mavidiyo amenewa mosavutitsa purosesa, komwe Premiere Pro imagwiritsa ntchito. Xeon E5 ilibe graphics ya mkati ngakhale pang'ono. Tanthauzo lake linanso n'loti graphics card ikafa lero, sikirini ndi mdima mpaka mutagula ina. Pa kurenda kwenikweniko, pomwe ma core onse amatuluka thukuta, ma core 14 akalewa ndi 6 atsopanowa amamaliza motsatana kwambiri, kusiyana kwake si kwa 14 ndi 6 monga malonda amaonetsera. Ndipo masiku ano Blender ndi DaVinci Resolve ntchito yolemera amaipatsa graphics card.

Komwe purosesa ya seva imaonetsa kuti ndi ya seva ndi pa RAM ndi pa zolumikiza. E5 imayankhula ndi RAM kudzera njira 4 pomwe ya desktop ili ndi 2. Ili ndi ma PCIe lane 40, njira zolumikizira zida ku purosesa, ndiye mukhoza kuikapo makadi ndi ma disiki othamanga a NVMe angapo osapanikizana. Imalandira RAM ya ECC, yomwe imadzikonzera yokha tizolakwika ting'onoting'ono, chinthu chofunika pa makina osunga marekodi a anthu usana ndi usiku. RAM yakale ya m'maseva yotchedwa registered ndi imene imapangitsa kuti 64GB kapena 128GB zitheke kwa munthu wamba. Dziwani chabe kuti RAM imeneyo silowa pa bodi ya Ryzen kapena ya Core i5, tsiku losamuka mudzaisiya komweko. Ndiye wophunzira za manetiweki amene akufuna kuyatsa marauta 20 oyeserera mu pulogalamu ya GNS3 kapena EVE-NG pokonzekera mayeso a Cisco, wa IT amene akufuna pulogalamu ya Proxmox yoyendetsa makina angapo m'bokosi limodzi, ofesi yaing'ono yofuna posungira mafayilo ndi database, awa Xeon ndi yawo, ndipo ndingawalimbikitse ndi mtima wonse.

Koma kwathu kuno mlandu umagamulidwa ndi magetsi. E5-2680 v4 inalembedwa mawatsi 120, Ryzen 5 5600 inalembedwa 65. Makina a seva anapangidwira chipinda chozizira, chopanda fumbi, cha jenereta yodziyatsa yokha. Ife timauika m'chipinda cha malata mwezi wa October, ku Salima kapena ku Chikwawa, fumbi likulowera pawindo. Tiyeni tiwerengere mophweka. Makina akamadya mawatsi 50 owonjezera kwa maola 8 pa tsiku, pa mwezi ndi mayunitsi 12 a pa mita, chaka chikamatha 144. Kwa odalira sola ndi inveta nkhani ndi yowawa kuposa apo. Batire ya 12V 100Ah imasunga pafupifupi 1,200Wh, ndipo ikakhala ya asidi simuyenera kuikama kupitirira theka, kutsala 600Wh. Kompyuta yodya mawatsi 200 ikupatsani maola 3, yodya 300 maola 2. Ola limenelo ndi lomwe vidiyo ya kasitomala ikanamalizika. Za mabodi a mapurosesa awiri ndiye musandifunse n'komwe: magetsi kuwirikiza, Windows Home imaona purosesa imodzi yokha, ndipo magemu amasokonezeka chifukwa RAM imagawidwa pakati pa awiriwo. Amene anamvapo Dell PowerEdge kapena HP ProLiant ikuyaka akudziwa kulira kwa mafani ake, m'chipinda chogona simungakhalemo.

Purosesa yokha sichedwa kufa, za Intel zimenezi n'zolimba. Chimandidetsa nkhawa ndi bodi. Mabodi ambiri otchipa a ma Xeon amenewa, olembedwa X99, ali ndi chipset chozulidwa pa mabodi ena akale, ena analumikiza njira 2 zokha za RAM ngakhale ali ndi mabowo 4, ndiye ubwino wa seva uja wathera pomwepo. Ikapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu, kupeza ina ya LGA 2011-3, socket (polowetsa purosesa) ya Xeon imeneyi, ku Lilongwe kapena ku Limbe si zapafupi, muyitanitsanso kunja, ndi forex yovutayi. Bodi ya AM4, ya Ryzen ija, imapezeka mosavuta, ndipo socket imeneyo, yomwe inayamba mu 2016, imalandira kuyambira Ryzen zoyambirira mpaka 5800X3D, malinga bodiyo ndi BIOS yake (pulogalamu ya pa bodi) zikhale zoyenera purosesayo.

Dzina loti Xeon lisakuopseni kapena kukukopani lokha, funsani nambala yonse. E3-1231 v3, mwachitsanzo, ndi pafupifupi Core i7 ya m'badwo wachinayi yochotsedwa graphics, ma core 4 basi. Mukaona E5 yothera ndi v2, imeneyo ndi ya 2013, ilibe AVX2, gulu la malangizo a masamu mu purosesa, ndipo magemu ndi mapulogalamu ena atsopano sayaka n'komwe popanda AVX2. Ngati mtima wakakamirabe pa Xeon ndipo mukufuna kusewerako, funani workstation yathunthu ngati HP Z440 kapena Dell Precision 5810 yokhala ndi E5-1650 v4, ma core 6 ofika 4.0 GHz, bodi yake yopangidwa ndi kampani yodziwika. Musanalipire tsegulani chivundikiro muone ngati power supply yake ili ndi chingwe chopatsira magetsi graphics card, chifukwa ina inatuluka yopanda chingwecho, ndipo mapulagi ake si ofanana ndi a kompyuta wamba oti mungosinthitsa pa msika.