Wakutuma ndani? Maganizo anga pa Abner Mikva, phungu amene anadzakhala jaji

Aliyense amene anayendapo ndi envelopu ya khaki m'maofesi akulidziwa funso ili. Ine ndinakumana nalo nditangomaliza sukulu, pa ofesi ina ku Limbe. Mayi amene ankalandira alendo sanatsegule n'komwe mapepala anga. Anangokweza maso pang'ono n'kufunsa kuti, “Mwatumidwa ndi ndani, achimwene?” Nditayankha kuti ndabwera ndekha, anandilozera mulu wa maenvelopu pakona kuti ndisiyepo yanga. Yapamwamba pa muluwo inali ndi fumbi loti munthu n'kulembapo dzina ndi chala.

Ndakumbukira zimenezi chifukwa cha mkulu wina wa ku America, Abner Mikva, amene moyo wake wandale unayamba ndi funso lomweli. Mu 1948, ali ndi zaka 22 ndipo akuphunzira zamalamulo pa University of Chicago, analowa mu ofesi ya chipani cha Democratic m'dera lina la mzindawo. Ankafuna kuthandiza kampeni ya Adlai Stevenson, amene ankapikisana pa udindo wa bwanamkubwa wa Illinois, chigawo chimene muli Chicago, ndi ya Paul Douglas, amene ankafuna kupita ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dziko lonse la America. Mkulu wa chipani m'deralo anachotsa ndudu yaikulu imene inali pakamwa n'kumufunsa kuti wamutuma ndani. Mikva anati palibe amene wamutuma. Mkulu uja anabwezera nduduyo pakamwa n'kunena mawu amene mpaka lero anthu a ku Chicago amawabwereza: sitifuna munthu amene sanatumidwe ndi munthu.

Mnyamata wosatumidwa uja anadzakhala phungu kwa zaka pafupifupi 20, kenako jaji wa khothi la apilo la ku Washington, kenakonso loya wamkulu wa pulezidenti. Anthu amene anagwirapo ntchito m'nthambi zonse zitatu za boma la America pa maudindo akuluakulu chonchi ndi owerengeka.

Mkangano umene ndikufuna tikambirane ndi wakale. Ambiri mwa anzanga amati wandale asamayandikire mpando wa jaji, chifukwa munthu amene anavalapo makaka a chipani sangaweruze molungama. Kale ndinkavomereza mosaganiza kawiri. Moyo wa Mikva unandisuntha pang'ono, ngakhale sunandisunthe mpaka kufika tsidya linalo.

Anabadwira ku Milwaukee mu Januwale 1926, mwana wa Ayuda osauka amene anachoka ku Ukraine. Atatuluka usilikali pakutha pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anaphunzira mpaka kumaliza zamalamulo mu 1951, ndipo anakagwira ntchito yothandizira jaji Sherman Minton wa Khothi Lalikulu la dzikolo. Chosangalatsa n'chakuti Minton naye anali atakhalapo senetala wa Indiana asanavale mkanjo. Nthawi imeneyo sizinali zachilendo kuti pulezidenti atenge munthu m'nyumba ya malamulo n'kumuika pa benchi.

Mu 1956 Mikva anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois ku Springfield, ndipo anakhalako zaka khumi. Kuti mumvetse kulemera kwake, muyenera kudziwa Chicago ya Richard J. Daley, meya amene analamulira mzindawo kuyambira 1955 mpaka imfa yake mu 1976. Chipani chinali ngati chigayo. Ntchito ya boma, kaya yosesa msewu kaya yoyendera nyumba, inkaperekedwa kwa amene wabweretsa mavoti, ndipo wolandira ntchitoyo ankadziwa kuti tsiku la chisankho ayenera kubweza. Mikva anali wa chipani chomwecho koma sanali wa chigayocho. Iye ndi anzake ochepa, mmodzi wa iwo Paul Simon amene anadzakhala senetala, ankavota mmene aonera. Ku Springfield kumeneko anathandiza nawo kukonzanso malamulo a milandu ya upandu a chigawocho komanso malamulo osamalira odwala matenda a maganizo.

Mu 1966 anayesa kulanda mpando wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, kwa nkhalamba ya chipani, Barratt O'Hara, pa chisankho chachipulula, koma anagwa. Mu 1968 anabwereranso n'kupambana. Atakhala ku Washington kanthawi, malire a madera anajambulidwanso, ndipo dera lake la kum'mwera kwa Chicago linaphwasulidwa. Ndale za mapu zimenezi n'zoopsa kuposa kuba mavoti, chifukwa palibe amene amamangidwa nazo. Mikva anasamutsa banja kupita ku Evanston, kumpoto kwa mzindawo, dera limene anthu ambiri ankavotera chipani cha Republican. Mu 1972 anagonja kwa Samuel Young. Mu 1974 anamugonjetsa. Mu 1976 anapambananso, koma ndi mavoti 201 okha, m'dera limene anthu oposa 200,000 anavota. Tangoganizani, mavoti 201 ndi anthu a tchalitchi chimodzi chaching'ono Lamulungu m'mawa. Munthu wopambana motero amadziwa mtengo wa khomo lililonse limene anagogodapo.

Ku Congress chimene chinamupezera adani ambiri chinali nkhani ya mfuti. Ankafuna lamulo loletsa kugulitsa mfuti zing'onozing'ono za m'manja, ndipo ankalibweretsa mobwerezabwereza ngakhale linkakanidwa. Ndiye pamene Pulezidenti Jimmy Carter anamusankha mu 1979 kuti akhale jaji wa khothi la apilo la District of Columbia, lija la ku Washington, bungwe la eni mfuti la National Rifle Association linavala zilimbe kuti asadutse. Ku America pulezidenti amangotchula dzina, koma Senate ndi imene imavomereza. Khothi limeneli si lamasewera: milandu yambiri yotsutsa zochita za nthambi za boma imathera kumeneko, ndipo ambiri amaliona ngati lachiwiri kwa Khothi Lalikulu. Senate inamuvomereza mu Sepitembala 1979 ndi mavoti 58 kwa 31.

Sizinathere pamenepo. Senetala James McClure wa ku Idaho anakasuma kukhothi. Malamulo aakulu a America ali ndi ndime yoletsa phungu kupatsidwa udindo umene malipiro ake akwezedwa pa nthawi imene iye ali phungu. Amene analemba ndimeyi ankaopa chinthu chimene tonse tikuchidziwa, kuti munthu angadzikonzere mpando wonona ali m'nyumba ya malamulo kenako n'kukaukhalira. McClure ankati malipiro a majaji anakwera Mikva ali phungu. Khothi silinafike n'komwe pa mutu wa nkhaniyo. Linangoti senetala amene wagonja pa voti m'nyumba yake alibe mphamvu yokapitiriza ndewuyo kukhothi. Ine ndimeyo ndimaikonda, chifukwa ikusonyeza kuti mantha a anzanga aja si achibwana. Anthu anawaona kalekale, mu 1787, pamene ankalemba malamulo aakuluwo.

Koma pali chinthu chimene jaji amene sanakhalepo phungu sangachidziwe ndi thupi lake. Ife timaganiza kuti lamulo limalembedwa ndi anthu anzeru atakhala phee, akuyeza liwu lililonse. Amene anakhalamo amadziwa kuti nthawi zambiri limaphikidwa usiku, anthu atatopa, wina akufuna mawu akuti “ayenera” pamene wina akufuna “angathe”, ndipo pofuna kuti bilu idutse amagwirizana pa liwu losamveka bwino loti aliyense akanene kwawo kuti wapambana. Patapita zaka, liwu lija limafika pamaso pa jaji, ndipo pensheni ya munthu kapena ufulu wake zili pa liwulo.

Apa ndi pamene Mikva ankasiyana ndi Antonin Scalia, amene anakhala naye pa khothi lomwelo kuyambira 1982 mpaka 1986, Scalia asanakwezedwe kupita ku Khothi Lalikulu. Scalia ankaphunzitsa kuti jaji awerenge mawu a lamulo basi, asamafufuze zimene aphungu ananena pokambirana kapena zimene makomiti analemba m'malipoti awo, chifukwa chimene chinavoteredwa ndi mawu a lamulowo. Mikva ankati pamene mawu sakumveka, lipoti la komiti imene inakonza biluyo ndi umboni wabwino wa chimene nyumbayo inkafuna. Ndipo popeza anakhalamo, ankatha kusiyanitsa lipoti lenileni la komiti ndi zolankhula za phungu amene akungodzionetsera kwa anthu akwawo. Mayi amene anaphikapo pa maliro amadziwa kuti mphika uwu unathiridwa madzi chifukwa anthu anachuluka. Wongodya amangoti msuzi wake ndi wotero.

Scalia sanali wopusa, ndisanamizire. Ankadziwa kuti malipoti ena amalembedwa ndi antchito a aphungu, mwina mothandizidwa ndi anthu a mabizinesi, ndipo aphungu ambiri sawawerenga. Koma kwa ine mfundo imeneyi ikungowonjezera kufunika kwa jaji wodziwa khitchini. Ndani angagwire chinyengo chobisika mu lipoti kuposa munthu amene anaonapo chikulowetsedwa?

Otsutsa Mikva ankamutcha wandale wovala mkanjo, ndipo anali ndi zoloza. Mu 1993, ali jaji wamkulu wa khothilo, analemba chigamulo chakuti sukulu ya asilikali a pamadzi inalakwa pochotsa wophunzira Joseph Steffan chifukwa chongovomera kuti amakonda amuna anzake. Chaka chotsatira majaji onse a khothilo atakhala pamodzi anachigwetsa chigamulocho. Mungagwirizane naye kapena ayi, koma palibe chipani chimene chinamutuma kulemba zimenezo. Boma limene linagonja pa chigamulo chakecho linali la Pulezidenti Bill Clinton, wa chipani chake chomwe.

Tsono apa ndi pamene ndimakwinya nkhope. Mu 1994 Mikva anavula mkanjo n'kupita ku White House kukakhala loya wa Clinton yemweyo, pa nthawi imene nkhani ya Whitewater, kafukufuku wa malonda a malo amene banja la Clinton linalowamo, inali itavuta. Jaji wa boma lalikulu ku America amakhala pa mpando moyo wake wonse ngati sanapalamule, ndipo malamulo amaletsa kumuchepetsera malipiro. Anakonza choncho dala kuti munthuyo asamayembekezerenso kanthu kwa wina aliyense, asamaope ndiponso asamalakelake. Jaji akasiya mpando woterewu n'kukagwira ntchito kwa pulezidenti, chitetezo chonse chija chimaoneka ngati chinali chosakwanira. Sindikunena kuti Mikva anagamulapo mlandu akuyang'ana ntchitoyo. Ndikunena za munthu amene anagonja pamaso pake mu 1993 pa mlandu wolimbana ndi boma, n'kudzawerenga m'nyuzi chaka chotsatira kuti jaji uja tsopano ndi loya wa mwini boma. Munthu ameneyo ali ndi ufulu wokayikira, ndipo khothi limakhala ndi moyo chifukwa cha chikhulupiriro cha ogonja, osati cha opambana. Mikva anakhala ku White House chaka chimodzi chokha n'kutula pansi mu 1995, atatopa. Ndikanakhala mnzake ndikanamuuza kuti akuluakulu, khalani pomwe muli.

Ndiye ine khomo lochokera ku nyumba ya malamulo kupita kukhothi silindiopsa kwenikweni, bola lidutse pa maso pa anthu monga linadutsira la Mikva, adani ake atapatsidwa mpata wokuwa mpaka mawu kusasa. Limene limandiopsa ndi khomo lobwerera. Ndipo pa amene akulowa, chimene ndingafune kudziwa si mtundu wa nsalu imene anavalapo, koma ngati anakanapo akuluakulu a chipani chake zinthu zili pa moto. Mikva anali ndi zipsera zosonyeza: dera lake lophwasulidwa, chisankho cha 1972, mavoti 201 aja. Pali anthu ena amene sanaimepo pa nsanja ya ndale, mbiri yawo yoyera ngati pepala, koma moyo wawo wonse akhala akutumidwa.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti munthu wosatumidwa uja anadzasanduka wotuma ena. Elena Kagan, amene lero ndi jaji wa Khothi Lalikulu, anayamba ngati womuthandizira mu 1986. Mnyamata wina wa ku yunivesite ya Harvard dzina lake Barack Obama anapatsidwa mwayi womwewo koma anaukana, ati akufuna kubwerera ku Chicago. Mikva sanakhumudwe. Anadzakhala mmodzi wa alangizi ake pa ndale, ndipo mu 2014 Obama, ali pulezidenti, anamuveka mendulo ya Presidential Medal of Freedom. Mnyamata wa ku Chicago wonena kuti wanditumiza ndi a Mikva zitseko zinkamutsegukira. Mwina pozindikira zimenezi, Mikva ndi mkazi wake Zoe anathandiza kukhazikitsa bungwe la Mikva Challenge kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, limene limatenga ana a sekondale, ambiri ochokera m'madera osauka, n'kuwalowetsa m'makampeni a zipani zonse ndi m'malo oponyera voti kuti akagwire ntchito tsiku la chisankho.

Mpando umene Mikva anausiya pa khothi la apilo unapita kwa Merrick Garland mu 1997. Garland sanakhalepo phungu, sanapemphepo voti ya munthu. Mu Malichi 2016 Obama anamusankha kuti akalowe m'malo mwa Scalia, amene anali atamwalira mwezi wa Febuluwale. A Republican, amene anali ambiri mu Senate, anakana ngakhale kumuitana kuti adzamufunse mafunso, ati mpandowo udikire pulezidenti wotsatira. Mikva anamwalira ku Chicago pa 4 Julayi chaka chomwecho ali ndi zaka 90, envelopu ya Garland ikadali pa mulu. Inakhalapo masiku 293 mpaka nthawi yake inatha.