Inu oyenda maulendo a mapemphero, chokani pakati pa tala

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikulankhula ndi inu ana athu a m'maparishi a Dayosizi ya Chipata, makamaka atsogoleri a achinyamata amene mumakonza maulendo oyenda pansi kupita ku malo a mapemphero a Mphangwe, m'boma la Katete, kapena ku tchalitchi chachikulu cha Anna Woyera. Ulendowo ndi wabwino, ndipo timakondwa kukuonani mutagwira kolona m'manja. Koma mayendedwe anu pa Great East Road akutisowetsa tulo.

Mumadzaza msewu wonse, anayi anayi, kwaya patsogolo, wina akuyenda chafutambuyo foni ili m'mwamba kujambula zoika pa Facebook. Kodi mwaiwala kuti msewu umenewu ndi wa matiraki ochokera ku malire a dziko, ku Mwami ndi ku Chanida? Thiraki yodzaza katundu siima pomwepo ngati njinga. Kuno ku Zambia magalimoto amayenda kumanzere, ndiye inu yendani kudzanja lamanja, mzere umodzi, kunja kwa tala, kuti galimoto muziiona ikubwera. Mukanyamuka m'bandakucha pothawa dzuwa, wotsogola ndi wotsiriza akhale ndi tochi komanso chovala chowala. Ndipo dziwitsani apolisi a pamsewu masiku akadalipo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi: mumasiya anthu kumbuyo. Anyamata amphamvu athamanga kuti akayambe kufika, pamene agogo a Legio ya Maria akhala pansi pa mtengo wa mango okhaokha, mapazi atatuluka matuza, kachigubu kamadzi kali gwa, milomo itauma. Palibe amene wacheuka. Mwafika, mwayamba nyimbo, kenaka n'kumafunsana kuti amayi aja ali kuti. Manyazi amenewo! Werengani Luka 2:41-46. Maria ndi Yosefe pochokera ku Paska ku Yerusalemu anayenda tsiku lathunthu akuganiza kuti mwana ali m'gulu, ndipo anakamupeza patapita masiku atatu. Ngati zinachitikira banja loyera, inu mwadalira chiyani? Lembani maina musananyamuke, muziitana mmodzimmodzi paliponse pamene mwapumula. Liwiro la gulu alipereke ndi amene akuyenda pang'onopang'ono, ndipo munthu wamkulu wamphamvu aziyenda kumapeto.

Nanunso akuluakulu anzanga, musandiyang'ane ngati zanu palibe. Wina ali ndi BP, wina shuga, wina amamwa ma ARV, koma mankhwala wawasiya kunyumba ati akusala kudya, Ambuye amusunga. Ambuye yemweyo anayankha Satana kuti usamuyese Mulungu wako (Mateyo 4:7). Tengani mankhwala anu, idyani kanthu, ndipo auzeni atsogoleri za matenda anuwo. Madzi muzimwa pang'onopang'ono musanamve ludzu, makamaka kukatentha cha mu Seputembala ndi Okutobala. Munthu akayamba chizungulire kapena kulankhula zosokonekera, muikeni pamthunzi, mumuziziritse ndi chitenje chonyowa, mumuthamangitsire kuchipatala.

Nsapato zatsopano zisiyeni, valani zimene phazi linazolowera. Mapatapata sayenda mtunda.

Kuchokera ku Chipata kukafika ku Katete ndi makilomita oposa 80. Komiti iliyonse ya parishi imene ikutumiza anthu pa mtunda wotere ipeze galimoto yoyenda pambuyo pa gulu, yonyamula madzi ndi otopa. Ndalama ya mafuta isonkhedwe poyamba, ya malaya ofanana ibwere pambuyo.