Chenjezo kwa Otumiza Mathiraki ku Malire Lipoti la Katundu Lisanavomerezedwe

Sabata yatha ndinamva nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo amene anandifotokozera ndi dalaivala yemweyo amene zinamuchitikira. Bamboyu ananyamuka mbandakucha ndi thiraki ya firiji yodzaza zipatso, atatsimikiziridwa ndi a ku ofesi kuti zonse zili m'malo, koma atafika pazenera la a kasitomu, ofesala analowetsa nambala ya ulendo wake mu kompyuta n'kumuuza kuti palibe chimene chikuoneka. Atayimba foni ku ofesi, mnyamata woyang'anira maulendo anayankha mosatekeseka konse kuti adikire pang'ono, atumiza lipoti la katundu pompano. Thiraki ili kale pachipata, mzere wa magalimoto kumbuyo ukuliza mahutala, injini ya firiji ikumwa dizilo, ndiye munthu akuyamba kumene kutsegula kompyuta! Dalaivalayo anabwezedwa, anagona m'galimoto, ndipo kampani yake tsopano ikudikira chindapusa. Kodi kumeneku ndi kugwira ntchito, kapena ndi kusewera ndi thukuta la anzanu?

Palibe amene anganene kuti lamulo lotumiza lipoti la katundu thiraki isanafike pa malire ndi lachilendo. Bungwe loona za kasitomu padziko lonse la World Customs Organization linakhazikitsa ndondomeko ya SAFE mu 2005, ndipo mfundo yake yoyamba inali yakuti uthenga wa katundu uzifika kwa a kasitomu kudzera pa kompyuta katunduyo asanafike. Ku United States, potsatira lamulo la Trade Act la 2002, manifest ya thiraki, imene ndi lipoti la katundu wanyamulidwa, iyenera kulandiridwa mu makina a kasitomu otchedwa ACE ola limodzi thirakiyo isanafike pa malire, kupatula katundu wa ndondomeko yodutsa mwachangu ya FAST amene amapatsidwa mphindi 30. Ku Canada nalonso ndi ola limodzi, ndipo eManifest, manifest yotumiza pa kompyuta, inakhala yokakamiza kwa onyamula katundu pamsewu mu 2015, zindapusa n'kuyamba mu 2016. Ku South Africa bungwe lotolera misonkho la SARS linayambitsa ndondomeko yake yoperekera malipoti a magalimoto ndi katundu mu 2018, ndipo maiko a European Union anafikitsa makina awo olandirira malipoti otere a ICS2 ku katundu wa pamsewu ndi pa njanji mu 2025. Nanga inu amene mumadabwa thiraki yanu ikabwezedwa, munali kuti zaka zonsezi? Mukufuna belu lotani kuti mudzuke?

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi anthu amene amaganiza kuti akadina batani lotumizira ndiye kuti ntchito yatha. Ntchito imatha pamene yankho la a kasitomu labwera lonena kuti lipotilo lavomerezedwa, ndipo yankholo limabwera pa kompyuta yomweyo imene mwatumizirapo. Koma munthu amadina, n'kudzuka, n'kukhoma ofesi, n'kupita kwawo, uthenga wokana lipotilo uli gwa pa sikirini usiku wonse popanda wouwerenga. Cholakwika chake mwina ndi chilembo chimodzi mu nambala ya thirela, chinthu choti chikadakonzedwa m'kanthawi kochepa dalaivala akadali kutali ndi malire. M'malo mwake chimadzadziwika pamene munthu waima pamaso pa ofesala, ali ndi pepala m'manja limene silikugwirizana ndi chilichonse. Kodi kudikira yankho n'kovuta chonchi? Ndani anakuphunzitsani kuti muzimuuza dalaivala kuti zonse zatheka pamene inu eni simunaone ndi maso anu mawu ovomereza? Ndikunena mosapita m'mbali kuti limeneli ndi bodza, ndipo bodza lotere limagonetsa munthu panja.

Ndiye pali ulesi wina umene wafala ngati kuti ndi luso, wokopera lipoti la ulendo wapita n'kungosintha tsiku. Thirela ya lero ndi ina, koma nambala imene yatumizidwa ndi ya thirela imene ili ku galaja. Dalaivala amene analembedwa ali patchuthi, ndipo amene ali pachiwongolero ndi wina, wa pasipoti ina. Nambala ya seal, kachipangizo kosonyeza kuti chitseko sichinatsegulidwe, imene ili pachitseko cha kontena ndi yatsopano, koma mu kompyuta muli ya mwezi watha. Ofesala akazungulira kumbuyo kwa thiraki, n'kugwira seal ija ndi zala, n'kuwerenga manambala ake mmodzimmodzi akuyerekeza ndi zimene zili papepala, mukuganiza kuti aganiza chiyani akapeza kuti zikusiyana? Iye sadziwa kuti kalaliki wanu anali ndi tulo. Chimene akuona ndi chitseko chimene mwina chinatsegulidwa panjira, ndipo udindo wake ndi kutsitsa katundu yense kuti amuone. Ena amafika mpaka pobwereza nambala ya katundu imene anaigwiritsa kale ntchito, pamene akudziwa kuti nambala iliyonse ndi ya katundu mmodzi basi. Enanso amalemba chipata china cha malire, thiraki n'kukatulukira kwina, osakumbuka kusintha lipoti.

Nanga za kalembedwe ka katundu ndinene chiyani? Munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga, amalemba kuti thiraki yanyamula "katundu wosiyanasiyana" kapena "zipangizo", n'kuona ngati wachita bwino. Zipangizo zanji? Za galimoto, za chipatala, kapena za mfuti? Malamulo a ku United States amanena momveka kuti mawu osatchula chinthu ngati amenewa ndi osaloledwa, ndipo ku Ulaya amafuna nambala ya HS, yosonyeza mtundu wa katundu, ya manambala 6 pamodzi ndi kufotokoza komveka kwa katunduyo. Cholinga chonse cha lipotili n'chakuti a kasitomu aunike katundu thiraki ikadali panjira, asankhe woti amuyang'anitsitse, wina yense adutse msanga. Mukabisa dzina la katundu m'mawu a chisawawa, mwadziika nokha m'gulu la okayikiridwa. Chimodzimodzinso ndi chiwerengero: wina amalemba mapaleti pamene akufunsidwa makatoni, wina amangoyerekeza kulemera kwake m'mutu chifukwa akuchita ulesi kutsegula invoisi imene ili patebulo pake pomwepo.

Inu eni mathiraki, musaloze chala kalaliki yekha, chifukwa muzu wa vutoli uli kwa inu. Mumagula thiraki ya ndalama zankhaninkhani, koma ntchito yoidutsitsa pa malire mumaisiya m'manja mwa mwana amene wabwera dzulo, amene palibe anamukhazika pansi kumuphunzitsa. Pasiwedi imodzi imayenda ofesi yonse, mpaka amene anachotsedwa ntchito chaka chatha akuidziwabe, ndipo tsiku limene lipoti labodza lidzatumizidwe m'dzina la kampani yanu simudzadziwa ndi wolifunsa yemwe. Usiku ndi masiku a tchuthi mu ofesi simukhala munthu, pamene mathiraki anu amafika pa malire nthawi ina iliyonse. Kodi mumaganiza kuti malire amatseka inu mukagona? Mumakankhira zonse kwa ejenti woombola katundu, ejenti nayenso akudikira mapepala kwa inu, aliyense akuganiza kuti mnzake watumiza. Lipoti la wonyamula katundu ndi chikalata cha ejenti ndi zinthu ziwiri zosiyana zimene ziyenera kukumana pa nambala imodzi, monga zimakhalira ndi nambala ya PAPS polowa ku United States kapena ya PARS polowa ku Canada. Nambalayo ikasiyana ngakhale pang'ono, zikalata ziwirizo sizionana, ndipo thiraki imaima. Foni imodzi yokha yotsimikizira ikadathetsa nkhaniyi, koma aliyense amachita manyazi kufunsa, kuiwala kuti safunsa anadya phula.

Madalaivala nanunso sindikusiyani, ngakhale ndikudziwa kuti ndinu amene mumasenza mavuto a zolakwa za ena. N'chifukwa chiyani mumanyamuka musanaone umboni woti lipoti lavomerezedwa? N'chifukwa chiyani pepala la barcode limene ofesala ayenera kuliwerenga ndi makina mumalipinda kanayi, n'kulisiya padzuwa pafupi ndi galasi mpaka litafufuma, kapena kuikapo kapu ya tiyi? Wina amasinthana thirela ndi mnzake panjira osauza a ku ofesi. Wina amakweza m'bale wake amene sanalembedwe paliponse. Choipitsitsa ndi uja wovomera kunyamulira munthu makatoni awiri amene sali pa manifest chifukwa cha kandalama ka m'thumba, osadziwa n'komwe zimene zili mkatimo. Akakapezeka makatoniwo, amene adzayankhe mafunso ndi inu, ndipo mwini wake foni yake idzakhala yozima. Ndipo mukauzidwa kuti lipoti latumizidwa mochedwa, imani kutali ndi malire mpaka nthawi yoikika ikwane, m'malo mothamangira kuchipata ndi chiyembekezo choti ofesala wa lero ndi wachifundo.

Chodzikhululukira chimene ndatopa nacho ndi cha netiweki. N'zoona kuti makina a boma nthawi zina amagwa, ndipo zikatero a kasitomu eni ake amalengeza ndi kupereka njira yotsatira. Koma kodi netiweki imagwa kwa inu nokha, tsiku lililonse, pamene mathiraki a anzanu akudutsa? Mapepala a katundu mumakhala nawo kuyambira nthawi yopakira, ndipo ola limodzi limene lamulo limatchula ndi nthawi yomaliza yotumizira, si nthawi yoyambira kulemba. Amene amadikira mphindi zomaliza wasankha yekha kuti kanthu kakang'ono kalikonse kamugwetse.

Musadzinamize kuti zimathera pa chindapusa chimodzi. Makina amenewa saiwala, ndipo cholakwa chilichonse chimalembedwa pa nambala ya kampani yanu. Zindapusa zimakwera mukabwereza, mathiraki anu amayamba kupatutsidwa kawirikawiri kuti akafufuzidwe, mwayi wodutsa m'njira zachangu umalandidwa, ndipo mwini katundu amene zipatso zake zaola kapena fakitale yake yaima podikira zitsulo sadzakuimbiraninso. Maola a dalaivala oyendetsa mololedwa amathera pamzere, mawa lake n'kumukakamiza kuthamanga ali ndi tulo kuti abweze nthawi imene inu munataya, ndipo ngozi zina zimene timazilira pamsewu zimayambira pa desiki ya munthu amene sanafune kuwerenga uthenga umodzi. Pamwamba pa izo, thiraki imodzi yoima pachipata imachedwetsa onse amene ali kumbuyo kwake, anthu amene anachita zonse m'nthawi yake ndipo sanakulakwireni kanthu.

Ngati simungathe kukhala pansi, kuyerekeza manambala ndi thiraki imene ili pabwalo, kutumiza nthawi ikadalipo ndi kudikira yankho, ntchito yodutsa malire si yanu. Siyani kuzunza ana a eni.