Kuchuluka pakhomo sikuchiza BP

Amtolankhani, mwalemba kuti ife Amalawi kusungulumwa sikutikhudza chifukwa timakhala ndi achibale ambiri. Apa pokha ndikutsutsani. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America mwatchulayo, amene anayamba mu 1938, anapeza kuti anthu omwe ankakhutira ndi maubale awo ali ndi zaka 50 ndiwo anali athanzi pofika zaka 80. Nkhani ndi kukhutira, osati kuchuluka.

Mayi anga ku Ndirande amakhala m'nyumba ya anthu asanu ndi atatu, koma BP yawo inkangokwera. Aliyense maso pa foni, wofunsa ngati amwa mankhwala kapena agona bwanji panalibe. Zinasintha achemwali anga atayamba kubwera kuchokera ku Chirimba, kucheza nawo madzulo ndi kuwaperekeza kuchipatala. Mankhwala ndi omwe aja, sanasinthe ayi. Kungoti tsopano amamwa tsiku lililonse, nkhawa inachepa, tulo akugona.

Mwaiwalanso makanda obadwa masiku osakwana. Kaoneni ku wodi ya kangaroo ku Gulupu: kamwana kali pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, kamafundidwa, kamayamwa bwino mpaka sikelo kukwera.

Nanga inu anzanga muli ku Joni, ndalama mukutumiza inde, koma amayi munawaimbira liti?