Eddie Howe sanapangidwe ndi ndalama za Aluya

Nthawi zonse tikamakambirana za timu ya mpira ya Newcastle ya ku England, pamapezeka wina wonena kuti Eddie Howe, amene anakhala mphunzitsi wake mu 2021, akungodyera ndalama za eni timuyi a ku Saudi Arabia. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa owanenawo mbiri ya munthuyu anayiyambira pakati.

Howe anali wotchinga kumbuyo ku Bournemouth, wosatchuka kwenikweni. Mu 2002 mphunzitsi Harry Redknapp anamutengera ku Portsmouth, koma bondo linamuvulala pamasewero ake oyamba enieniwo. Atabwerera ku Bournemouth mu 2004 timu inalibe ndalama, moti masapota anachita kusonkherana kuti amugule. Bondolo silinamuleke, ndipo mu 2007 anasiya kusewera asanakwane zaka 30.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse. Kumapeto kwa 2008 anamupatsa Bournemouth kuti aiphunzitse ali ndi zaka 31, ili mu League Two, ligi yachinayi ku England, atayilanda mapointi 17 chifukwa cha mavuto a zachuma. Aliyense ankaona kuti ikutuluka basi. Anaipulumutsa, chaka chotsatira n'kuikweza. Anapitako ku Burnley, koma mayi ake atamwalira mu 2012 anabwerera ku Bournemouth, ndipo pofika 2015 Bournemouth inali mu Premier League, ikusewerera pabwalo lolowa anthu 11,000 okha ndi kakusefukira pang'ono. Aluya anali kuti nthawi imeneyo?

Inde, mu 2020 timuyo inatuluka mu ligi iye ali pampando, sindikubisa. Komanso ndalama ku Newcastle zilipodi. Koma Howe anafika mu November 2021 timu isanapambane ngakhale kamodzi m'masewero 11. Taonani za Joelinton. Newcastle inamugula modula kwambiri mu 2019 kuti azimwetsa zigoli, zigoli zake osaoneka, anthu n'kumamunyoza paliponse. Tsiku lina akusewera ndi Norwich, mnzake Ciaran Clark atapatsidwa kadi yofiira, Howe anamubweza Joelinton pakati, ndipo mnyamata uja anasanduka chilombo cholanda mipira. Ameneyo sanagulidwe mwatsopano, anali pomwepo kale, anangosowa womuona.

Nanga Dan Burn? Mwana wa ku Blyth, kufupi ndi Newcastle komweko, amene Newcastle inamutaya ali wamng'ono mpaka anakagwirako ntchito yokankha matolole pasitolo. Ndi yemweyo amene pa 16 March 2025 anagoletsa ndi mutu ku Wembley, mnzake Alexander Isak n'kuonjezera chachiwiri, Liverpool n'kugona 2-1 mu fainolo ya Carabao Cup. Chikho cha m'dziko mwawo a Newcastle anachigwira komaliza mu 1955. Agogo ambiri anapita kumanda akuchidikira.

Matimu ambiri amathamangira mayina, amene anali katswiri pabwalo n'kumupatsa timu yaikulu asanaphunzitsepo ngakhale ana. Howe anayambira pansi penipeni, kumene ngakhale malipiro a osewera ankavuta. Amene akuti ndi ndalama chabe andiuze kaye kuti mapointi 17 aja anawabweza ndi ndalama za ndani.