Pulogalamu yakale ya malipiro a alimi a tiyi ichoke, koma tiyambire ku sikelo

Anzanga amene mumagwira ntchito m'maofesi a mabungwe a alimi a tiyi kuno ku Mulanje ndi uko ku Thyolo, tiyeni tikambirane za kompyuta ija imakhala pakona, imene aliyense amaopa kuizimitsa. M'kati mwake muli pulogalamu imene wina anaipanga kalekale pa Microsoft Access. Ndi imene imasonkhetsa makilo a masamba a mlimi aliyense, kuchotsa ngongole ya fetereza, n'kutulutsa ndandanda wa malipiro mwezi ukatha. Woipangayo anachoka ndipo palibe amene amayerekeza kuikhudza. Kwathu kuno ikuyenderabe pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Komanso fayilo ya Access siingadutse 2 GB, pamene ife chaka ndi chaka tikungothiramo.

Ine ndikuti ichoke. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, madzi, matope ndi miyala zikutsika m'phiri n'kukokolola nyumba ndi milatho, sitifunikanso kuuzidwa kuti mbiri ya ngongole za alimi onse siyoyenera kugona m'bokosi limodzi, m'chipinda chimodzi. Itatayika, mkangano wake ungathetse bungwe.

Njira imene ikukambidwa kwambiri ndi ya low-code. Awa ndi mapulogalamu opangira mapulogalamu ena, monga Power Apps ya Microsoft kapena AppSheet, imene Google inagula mu 2020. Umasanja fomu yako, bokosi la nambala ya mlimi apa, la makilo apo, n'kulemba masamu ake mofanana ndi mmene timachitira pa Excel. Zolembedwazo zimakasungidwa pa cloud, kutanthauza makompyuta akuluakulu a kampaniyo amene ali kutali. Microsoft inatsegula ena ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019. Kalaliki wodziwa bwino Excel atha kuiphunzira, ndipo chimenechi ndicho chimandikoka mtima.

Koma apa mpamene ndimasiyana ndi anzanga othamanga. Fomu yokongola ya pafoni itha kupangidwa masiku ochepa. Chovuta ndi malamulo amene anabisala m'pulogalamu yakale ija, amene sanalembedwe pa pepala lililonse. Masamba akabwera onyowa ndi mvula, timachotsa zingati pa kilo, ndipo amagamula ndani kuti ndi onyowa? Mlimi akabweretsa masamba okhwima m'malo mwa awiri ndi kansonga, fakitale ikawakana, kutayako kumagwera iye yekha kapena shedi yonse, kutanthauza alimi onse oyezetsa masamba pamalo amodzi? M'chilimwe masamba akachepa, ngongole ya fetereza imaloledwa kudya malipiro onse, kapena pali malire kuti munthu atengeko kogulira ufa? Nanga mlimi akamwalira? Kuno kwa Alomwe ndi Amang'anja munda umatsata kuchikazi, ndiye umapeza amene akuthyola ndi mwana wamkazi kapena mdzukulu, nambala ikadali ya malemu, ngongole nayo ili pompo. Pali alimi awiri a dzina limodzi m'mudzi umodzi amene kalaliki amawasiyanitsa ndi dzina la mwana woyamba. Zina mwa izi zili m'kati mwa Access, zina zili m'mutu mwa mayi amene wakhala pa desiki imeneyo zaka zambiri. Ukasamutsa mayina ndi manambala okha n'kusiya izi, pulogalamu yatsopanoyo idzawerengera mwachangu ndalama zolakwika, ndipo mlimi adzaziona tsiku lomwelo. Mlimi wa tiyi amadziwa makilo ake pamtima.

N'chifukwa chake ndikuti mayi ameneyo akhale patsogolo pa ntchito yonse, asamangoitanidwa kudzaphunzitsidwa zonse zitatha. Lamulo lililonse alinene, lilembedwe m'Chichewa, komiti ilimve n'kulivomereza, kenako lilowe m'pulogalamu. Mudzadabwa kuti malamulo ena komiti yomwe siinkawadziwa.

Ndipo tiyambire ku sikelo, osati ku malipiro. Kalaliki wa pa shedi alembe makilo pafoni nthawi yomweyo, mlimi akuona. AppSheet imalola kulemba ngakhale netiweki palibe, n'kudzatumiza ikapezeka, zomwe n'zofunika m'makwalala a m'mphepete mwa phiri ndi m'zigwa za ku Thyolo kumene foni imangokhala duu. Risiti ya pepala ipitirire ndithu. Pamenepa tikhala tachotsa ntchito yolembanso mabuku a m'mashedi madzulo ku ofesi, kumene 7 amasanduka 1 chifukwa pepala lanyowa. Mapulogalamu onse awiri ayendere limodzi nyengo yonse ya masamba ochuluka, kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwezi uliwonse tikuyerekezera zotuluka zake mlimi ndi mlimi. Zikagwirizana, ndiye tisamutse ngongole, ndipo pomalizira ndandanda wopita ku banki, ku Airtel Money ndi ku Mpamba.

Tsono walira mvula walira matope. Access tinagula kamodzi, koma za pa cloud zimalipiridwa mwezi ndi mwezi, pa munthu aliyense wozigwiritsa ntchito, ndipo mtengo wake ndi wa madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bungwe limene linapanga bajeti mu Okutobala linadzuka bilu itakwera lisanawonjezere wogwiritsa ntchito ndi mmodzi yemwe. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, mabandulo a makalaliki, ndi kotchajira mafoni magetsi akazima. Akuluakulu a komiti, musanasaine, funsani mtengo wa chaka chathunthu m'madola, funsaninso chimene chimachitika kulipira kukachedwa miyezi iwiri.

China chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti akaunti imatsegulidwa pa imelo ya mnyamata amene wathandiza kupanga pulogalamuyo. Akapeza ntchito ku Lilongwe, tabwerera pomwe tinali, kungoti tsopano ngakhale bokosi lija tilibe. Akaunti ikhale m'dzina la bungwe, anthu awiri akhale ndi mphamvu yolowamo, ndipo kumapeto kwa mwezi zonse zikopedwe pa Excel n'kusungidwa malo ena. Tisaiwalenso kuti m'menemo muli manambala a zitupa, a mafoni ndi ngongole za anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, Data Protection Act ya 2024, ndiye kalaliki wa shedi ya ku Chisitu alibe chifukwa choonera ngongole za alimi a ku Limbuli.

Amene munasamutsa kale malipiro, tandiuzeni mmene munachitira ndi nambala za alimi omwalira amene minda yawo ikuthyoledwabe. Ife pa nkhani imeneyi komiti yagawanika pawiri, ndipo sitisuntha chilichonse mpaka titagwirizana.