Alamu anga akuti ndawaphikira galu

Ndakwiya ndipo sindibisa, amene akufuna kukawauza alamu angawo akawauze, positi iyi sindichotsa. Lamlungu lapitali kunali kaphwando kwa achemwali anga, mwana wawo amabatizidwa, nde anati aliyense abwere ndi mphika wake. Ine kudzuka 4 koloko m'bandakucha, magetsi kulibe, kukanda ufa wa tirigu ndi tochi ya foni kukamwa, kuwaza nyama ya nkhumba ndi kabichi, jinja, adyo, anyezi wamasamba, kenako kumanga ma jiaozi limodzilimodzi ndi zala zangazi mpaka msana kuuma. Kwa amene simukuwadziwa, ndi timitanda ta tirigu tokhala ndi nyama mkati, tingati abale ake a samusa koma iwowa amawiritsa m'madzi. Ndinakazinganso mazira ndi tomato mmene amakazingira kumeneko, chakudya choti mwana aliyense wa ku China amakula nacho. Ndafika, ndavundukula kontena, alamu anga aja asuzumira, atsinya mphuno, n'kunena mokweza dala kuti mpaka akuchipata amve, "Alamu tanenani chilungamo pamaso pa abusa, umu mwatiikira galu kapena njoka?" Anthu kuseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ine ndinangoti "ayi alamu, ndi nkhumba ya ku butchala komwe mumagula inuyo," koma mumtimamu munali moto.

Chomwe chandiwawa si nthabwalayo ayi, chilamu timachidziwa tonse, timatukwanizana bwinobwino n'kudyera mbale imodzi. Chandiwawa n'choti munthu sanalawe. Sananunkhize n'komwe. Sanapondeko ku China, ndege amangoionera m'mwamba ikamadutsa, koma waweruza kale khitchini ya anthu 1.4 biliyoni ndi mawu awiri, galu ndi njoka. Osalawa koma kunyoza. Ndi matenda amenewa, ndipo si alamu anga okha, muminibasi ndawamva, kusaluni ndawamva, ngakhale anthu oti sukulu anapita nayo patali ukangotchula chakudya cha Matchaina nkhope imasintha ngati aponda chinachake.

Ine ndakhala ku Chengdu, mzinda wa ku China, zaka 4 ndili pasukulu, ndadya m'makantini, m'tima lesitilanti ta m'makwalala, m'nyumba za anzanga mpaka kumidzi kwa agogo awo, galu pa mbale sindinamuonepo ngakhale tsiku limodzi. Agalu amene ndinkawaona ine anali ovala majuzi, akuyenda ndi azimayi okalamba ku paki, ena kuwanyamula m'chikwama ngati khanda. Sindikunama kuti kulibe odya galu, aliko, ku Yulin m'chigawo cha Guangxi nkhani yake inamveka dziko lonse, ndipo amene amakalipa kwambiri ndi Matchaina anzawo omwe. Mzinda wa Shenzhen unaletsa kudya agalu ndi amphaka mu 2020. Nyama imene anthu amenewa amadya tsiku ndi tsiku ndi nkhumba, pafupifupi theka la nkhumba zonse zodyedwa padziko lino zimathera m'mimba mwawo, moti ukangoti "nyama" osatchula mtundu aliyense amadziwa kuti ukunena nkhumba. Koma poti kavidiyo kamodzi kanazungulira pa WhatsApp basi, nkhani yatha, dziko lonse lija ndi la agalu.

Anyani sasekana zikundu abale. Alamu omwewa tikamapita kumudzi amaimitsa galimoto pamsewu kugula mbewa zapampani, ubweya uli pompo, mano ali pamtunda, mchira uli lende, amadya chimutumutu n'kumanyambita zala. Mvula yoyamba ikagwa ndi iwo amakhala pansi pa getsi ndi beseni kudikira ngumbi. Mphalabungu amadya, bwannoni amadya, mang'ina akawaona pa bala amaiwala kuti ali ndi banja. Ndipo ine sindikunyoza, mbewa ndimadya ndipo ndimazikonda, tsabola wa kambuzi pambali, nsima yotentha, usandiyankhule. Koma mutamuonetsa mnzanga wa ku Chengdu chithunzi cha mpani wa mbewa iyenso akhoza kuthawa, ndiye kodi iye akanena kuti Amalawi chakudya chawo ndi makoswe basi, chambo osachitchula, nkhwani wotendera osautchula, kondowole osamutchula, mungamve bwanji? Mungalembe ma positi angati otukwana? Zipalapasiro za nkhuku zomwe timalimbirana pa chiwaya iwonso amazikonda kufa, ku Guangzhou amazitcha zikhadabo za phoenix, mbalame ya m'nthano, amazikazinga kaye kenako kuzifutsa pa nthunzi mpaka zofewa zoti umangoyamwa. Nthumbwana zathu zija iwonso matumbo sataya. Tikufanana kuposa mmene mukuganizira koma inu muli kalikiliki kutsinya mphuno pa chinthu choti simunalawe.

Ndipo mawu akuti "chakudya cha Matchaina" amandiseketsa, ngati kuti ndi mphika umodzi. Dziko lija ndi lalikulu moti wakumpoto ndi wakummwera akakhala pa tebulo limodzi amanyozana okhaokha. Kumpoto ndi anthu a tirigu, ma noodles, mabanzi ophika pa nthunzi aja amati mantou, ndi ma jiaozi omwe ndinaphikawa. Kummwera ndi mpunga, ndipo mpunga anayamba kuulima m'chigwa cha mtsinje wa Yangtze zaka masauzande ambirimbiri zapitazo, chimanga chathuchi chisanalote n'komwe zofika ku Africa. Eni ake amawerenga maphikidwe akuluakulu 8, Sichuan, Guangdong, Shandong, Jiangsu, Zhejiang, Fujian, Hunan ndi Anhui, ndipo wa ku Guangdong ukamupatsa tsabola wa ku Hunan amalira misozi yeniyeni. Iye nsomba amaifuna yamoyo, aiphike pa nthunzi mphindi zochepa ndi jinja ndi anyezi basi, kuti ukome ndi wa nsombayo osati wa zokometsera. Ku Lanzhou kuli Asilamu achi Hui, nkhumba sayandikira n'komwe, supu yawo ndi ya ng'ombe, ndipo mnyamata amatenga mtanda wa ufa kuukoka, kuupinda, kuukokanso, uli chiimire pompo wasanduka tizingwe tosawerengeka, wakuponyera mu poto. Ine ulendo woyamba ndinaiwala kuti ndabwera kudzadya, ndimangoonerera kukamwa kuli yasa. Ku Lajia m'chigawo cha Qinghai akatswiri ofukula zakale anapeza mbale ya ma noodles a mapira ya zaka pafupifupi 4,000. Zaka 4,000 anthu akukoka ufa, alamu anga akuti galu.

Tiyeni ndikuuzeni za mapo tofu poti ndi chakudya chomwe chinandigwetsa m'chikondi ndi Chengdu. Tofu ndi soya yemweyu, amamunyika, kumupera, kufinya mkaka wake n'kuuumitsa mpaka kukhala ngati chambiko chogwirana choti ungadule ndi mpeni. Payekha alibe kukoma kwenikweni, ali zii. Koma amuike mu msuzi wa doubanjiang, ee! Doubanjiang ameneyu ndi phala la nyemba zikuluzikulu ndi tsabola ndi mchere, kwawo kwenikweni ndi ku Pixian kufupi ndi Chengdu komweko, amaliika m'mitsuko ikuluikulu padzuwa, kumavundukula, kumatakasa, miyezi ndi miyezi, lina mpaka zaka, kuti lifike pomwe akufuna. Munthu kudikira zaka chifukwa cha supuni imodzi ya mu ndiwo, inu mukuti anthu amenewa sadziwa kuphika? Kenako pamwamba amawaza huajiao, timbewu tofiira tomwe sitiwawa ngati tsabola koma timachititsa dzanzi milomo. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti ndadya poizoni, milomo ikunjenjemera yokha ngati ndanyambita waya wa magetsi, ndinamugwira mnzanga mkono kuti tiye kuchipatala iye ali gada kuseka. Patatha mwezi ndinali ine wopempha kuti awonjezere. Kuwawa kwa tsabola ndi dzanzi limeneli akaziphatikiza amati mala, ndipo chodabwitsa n'choti tsabola wowawayo si wawo, anachokera ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, monga chimanga chathu chomwe timachiyesa cha makolo. Iwo sanatsinye mphuno, analawa, n'kumusandutsa wawo. Mu 2010 UNESCO inautcha Chengdu mzinda wa zakudya, kaya a UNESCO nawonso amakonda galu, alamu atiuze.

Nanga mpeni. Wophika wa kumeneko ali ndi chimpeni chimodzi chachikulu ngati chikwanje chachifupi, chomwecho aphwanyire adyo, chomwecho asendere jinja, chomwecho adule nyama yopyapyala yoti ukhoza kuonera kuwala. Ku Yangzhou kuli supu ina yomwe tofu wofewa uja amamudula tizingwe tating'ono ngati tsitsi, akatiika m'madzi timamwazika ngati duwa. Zonse amadula zing'onozing'ono chifukwa pa tebulo sipabwera mpeni, pali timitengo tiwiri basi, komanso tizidutswa timapsa msanga nkhuni osatha. Wok yawo ija ndi chiwaya chathu chomwechi, kungoti iwo moto amaukoleza waukali, mafuta pang'ono, masamba alowe, atembenuze kangapo, mphindi ziwiri zatha, ndiwo zili pa mbale zikadali zobiriwira zikuchita khrrr pa mano. Anthu anaonapo njala yoopsa ya 1959 mpaka 1961 amenewa, agogo a mnzanga mpunga umodzi ukagwera pa tebulo ankautola, chakudya sachiseweretsa ndipo sachinyoza.

Mayi amene ndinkachita lendi kwawo chaka chomaliza moni wawo unali umodzi, chi le ma, kutanthauza kuti wadya? Osati wadzuka bwanji, osati waswera bwanji, koma wadya. Ukangochedwa kuyankha mbale yafika kale. Nditadwala chimfine anandiphikira phala la mpunga lamadzimadzi lija amati zhou, n'kukhala pompo mpaka nditamaliza, ndinakumbuka mayi anga ndinalira. Pa Chaka Chatsopano chawo ananditengera kwa abale awo, tebulo lozungulira, mbale zonse pakati, aliyense kutapa momwemo ngati mmene timadyera kumudzi, wamkulu ayambe ndiye ana atsatire, ndipo agogo amangokuunjikira nyama m'mbale mwako osakufunsa. Nsomba imabwera yathunthu mutu ndi mchira, ndipo saimaliza dala, chifukwa mawu akuti nsomba, yu, amamveka chimodzimodzi ndi mawu akuti zotsala, nde akuti chaka chino tikhale ndi zotsala. Ine osadziwa ndinazika timitengo tanga chilili mu mpunga kuti ndimwe madzi, nyumba yonse zii, mnzanga kutizula msangamsanga, akuti zimafanana ndi lubani amene amayatsira akufa. Safunsa anadya phula, kuyambira tsiku limenelo ndinkafunsa chilichonse. Ndi mayi omwewo anandiphunzitsa kutsina m'mphepete mwa jiaozi kuti asaphulike mu poto, ankandimenya kadzanja ndikalakwitsa. Ndiye munthu akamati galu pa chakudya chimenechi akutukwana mayi amene uja, wondisunga ine mlendo wakuda wosadziwa chilankhulo, ndipo mpamene magazi anga amawira.

Chondinyansa china, alamu omwewa m'mawa uliwonse amafuna tiyi wa masamba a ku Thyolo, osadziwa kuti chitsamba chimenechi anayamba kumwa ndi Matchaina, ngakhale dzina loti tiyi likuchokera ku mawu akuti te a ku Fujian, linangodzera kwa azungu. Mwezi ukafika pakati ndalama zitatha amadya ma soya pieces mwakachetechete, soya amene anayamba kulimidwa ku China komweko. Za Matchaina zili kale m'mimba mwawo chibadwire koma pakamwa pali galu galu.

Komanso ife tili ndi vuto ndi chakudya, ngakhale chathu chomwe timachinyoza. Mlendo akabwera therere timabisa kuseri kwa mbaula, chigwada ndi bonongwe timati ndi za amphawi, timathamangira tchipisi ndi nkhuku ya mazira yothira mafuta ngati tikusambitsa. Pa phwando lomwelo panali kabichi wina wophikidwa mpaka kufa kawiri, wotuwa ngati chisanza, mpunga wothira kala yachikasu kuti uoneke wa pa ukwati, saladi yosambira mu mayonezi yomwe inakhala padzuwa kuyambira 10 koloko, palibe anafunsa kuti umu muli chani, onse mbale phiri. Ma jiaozi anga anadya ndi ana, anatha onse mphindi zochepa, kamwana ka alamu komweko kanadya 11 ndinkawerenga, kenako kanapita kukanyambita msuzi wa viniga mu kontena. Ndipo kontena imeneyo sinabwerebe, ya chivindikiro cha buluu, ili kwa alamu konko. Achemwali ngati mukuwerenga ndikuifuna Lachisanu.